Kugwiritsa ntchito dayathemi pa wodwala amene ali ndi batire la mtima: zochita pang'onopang'ono

Anzanga a ku thiyeta, nkhani iyi ndaifotokoza pakamwa kwa manesi atsopano mpaka kukhosi kuuma, ndiye ndati ndingoilemba kamodzi. Zimayamba chonchi nthawi zonse: wodwala wagona kale patebulo, dokotala wavala magulovu, wina akuvundukula pachifuwa kuti amate mawaya a ECG n'kuona kachotupa kolimba m'munsi mwa phewa lakumanzere, kachipsera pamwamba pake. Thiyeta yonse zii. Kenako wina amati "tangobweretsani maginito tiyambe", ndipo mawu amenewa ndi amene ine ndimawaopa kuposa china chilichonse, chifukwa maginito pa pacemaker (kachipangizo kogunditsa mtima) amachita china, pa ICD (kachipangizo komenya shoko mtima ukapenga) amachita chinanso, ndipo pa tizipangizo tina sachita kalikonse.

Vuto lake mwachidule ndi ili. Dayathemi, makina odulira mnofu ndi kuwotcha mitsempha ndi magetsi, ikakhala ya monopolar imatulutsa magetsi pansonga ya pensulo, amadutsa m'thupi, n'kukatulukira pa pleti imene mwamata. Kachipangizo ka pachifuwa kaja kamakhala kakumvetsera timagetsi ting'onoting'ono ta mtima kudzera m'mawaya ake, ndiye magetsi a dayathemi akadutsa pafupi kamasokonezeka. Pacemaker imaganiza kuti mtima ukugunda wokha n'kusiya ntchito, pamene mtimawo waima. ICD imaganiza kuti mtima wapenga, n'kumenya shoko ya ma joule 30 kapena 40 munthu ali wotsegula pamimba. Zonse zili m'munsizi ndi zopewera ziwirizi.

Zofunika kukhala nazo musanaitanitse wodwala

- Khadi la kachipangizo, kapena chithunzi chake pafoni
- ECG yathunthu (12-lead) yatsopano, ndi eksireyi ya pachifuwa
- Zotsatira za magazi, makamaka potassium
- Maginito a chipatala, aja ozungulira okhala ndi bowo pakati, osati a sipika ya wailesi, ndi pulasitala yowamatira
- Defibrillator (makina omenyera mtima shoko) yotha kugunditsa mtima kuchokera kunja, ndi mapadi ake omata. Onani kuti batire lake ladzaza, kuno ku Harare magetsi akazima pamapita timasekondi jenereta isanalire ndipo timasekondi timeneto sitidikira munthu
- Monita yokhala ndi pulse oximeter (kachipangizo ka pachala koyeza okosijeni ndi kugunda kwa mtima) yoonetsa mafunde, osati nambala yokha
- Dayathemi ya bipolar yoyesedwa kuti ikugwira, ndi chingwe chake ndi pedulo yake (chingwe ndi chimene chimasowa nthawi zambiri)
- Pleti yomata yatsopano ndi chometera
- Atropine ndi adrenaline zokoka kale m'masirinji
- Nambala ya foni ya dokotala wa mtima kapena katswiri amene ali ndi makina osinthira kachipangizoko

Masiku angapo opareshoni isanachitike

1. Funsani m'chilankhulo chimene wodwala akumva, ndipo gwirani pachifuwa.

Mukafunsa munthu wamkulu kuti "muli ndi pacemaker?" akhoza kukana ndi mtima wonse, osati kunama ayi, koma mawuwo sakuwadziwa. Chaka china tinalandira agogo ena a ku Mbare, makolo awo anachokera ku Dedza, anabwera kuti awakonze chophuka cha pamimba. Pa fomu panalembedwa kuti alibe chilichonse m'thupi. Ine powathandiza kuvala gauni ndinaona chipsera, ndiye ndinati, "Agogo, pachifuwapa anakuchitani chiyani?" Iwo akuseka, "Aa mwana wanga, kameneko ndi kabatire, anandiika ku Johannesburg nditakomoka ku tchalitchi." Khadi linali kunyumba m'Baibulo. Mdzukulu wawo analijambula n'kutitumizira pa WhatsApp, ndipo tinapeza kuti sinali pacemaker wamba, inali ICD. Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa kuti "anakuikanipo kabatire kapena kamakina ka mtima?" ndipo ndimagwira ndi dzanja mbali zonse ziwiri za chifuwa ndi m'munsi mwa mkhwapa wakumanzere.

Chenjezo: kusapeza chotupa sikutanthauza kuti mulibe kanthu. Pali pacemaker yaing'ono yopanda mawaya, ngati Micra ya Medtronic, imene imakhala m'kati mwa mtima mwenimweni, amailowetsera pa mtsempha wa m'ntchafu, pachifuwa popanda chipsera.

2. Dziwani kuti ndi mtundu wanji.

Pakhadi lembani kampani, mtundu, tsiku limene anaika ndi chifukwa chake. Makampani amene mudzakumana nawo ndi Medtronic, Boston Scientific, Abbott (makadi akale amalembedwa St Jude Medical, Abbott inagula kampaniyi mu 2017), Biotronik ndi MicroPort, imene kale inali Sorin. Mukaona CRT-P ndi pacemaker, mukaona CRT-D ndiye kuti muli ICD m'kati mwake.

Khadi likasowa, eksireyi ikuuzani. Waya wa pacemaker amaoneka woonda kuyambira pamwamba mpaka kumapeto. Waya wa ICD amakhala ndi chigawo chonenepa, choyera kwambiri, chakumapeto m'kati mwa mtima, nthawi zina ziwiri, ndipo bokosi lake limakhala lalikulupo. Bokosi likakhala m'mbali mwa nthiti kumanzere, waya wake n'kukwera motsatira fupa la pakati pachifuwa osalowa mumtima, imeneyo ndi ICD, nthawi zambiri ya pansi pa khungu ya Boston Scientific. Mukakayikira, ichitireni ngati ICD mpaka wina atsimikize.

3. Fufuzani ngati wodwala amadalira kachipangizoko kuti mtima ugunde.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ena pacemaker imangowathandiza mwa apo ndi apo, ikaima mtima wawo umapitiriza. Ena ikaima basi palibe chimene chimagunda. Yang'anani ECG: ngati kutsogolo kwa kugunda kulikonse kuli kamzere kakang'ono kowongoka, muoneni ngati wodalira. Chimodzimodzi ngati anamuika chifukwa cha complete heart block (magetsi a mtima osadutsa kuchoka kumtunda kupita kumunsi kwake), kapena anamuwotcha dala AV node, pamene magetsiwo amadutsira.

Funsaninso kuti kanayesedwa liti komaliza. Malangizo a Heart Rhythm Society ndi American Society of Anesthesiologists a 2011 amati pacemaker ikhale itayesedwa m'miyezi 12 yapitayi, ICD m'miyezi 6. Odwala athu ambiri amene anaikidwira kunja, ku South Africa kapena India, amabwerera kunyumba n'kutha zaka osayesedwa chifukwa ulendo ndi ndalama. Ngati opareshoni si yamwadzidzidzi, ikankhireni kutsogolo, munthu akaonedwe kaye ndi dokotala wa mtima. Ndikudziwa kuti kuchotsa munthu pa listi kumakwiyitsa aliyense, wodwalayo wasala kudya usiku wonse, abale akwera makombi awiri, koma batire loti latsala pang'ono kutha limachita zinthu zosayembekezereka likakumana ndi dayathemi.

Chenjezo: ngati mawaya anaikidwa pasanathe miyezi 3, sanagwirane bwino ndi mnofu wa mtima. Auzeni a dokotala ogonetsa asanaganize zoika central line (kapaipi kolowa mumtsempha waukulu wa pafupi ndi mtima), waya wawo wolondolera akhoza kuwasuntha.

4. Onani kumene akudula, muyezo wake ndi mchombo.

Opareshoni ya m'munsi mwa mchombo, pleti ili pantchafu kapena pathako, magetsi sayandikira pachifuwa ndipo chiopsezo chimakhala chochepa. Mwendo, chiuno, prostate, chophuka cha m'mphechepeche, siza, zonsezi nthawi zambiri zimatheka popanda kusintha kalikonse pa kachipangizo, maginito angokhala pafupi.

Pamwamba pa mchombo ndi nkhani ina, ndipo mugwirizane zochita tsiku lisanafike:

Pacemaker, wodwala wosadalira: monita yabwino, dayathemi ya pang'onopang'ono, maginito pafupi.

Pacemaker, wodwala wodalira: isinthidwe kuti izigunda yokha osamvetsera, zimene amalemba kuti DOO kapena VOO, kapena mugwiritse maginito ngati mwayesa n'kuona kuti akugwira.

ICD, wosadalira: shoko iyimitsidwe, ndi makina kapena ndi maginito.

ICD, wodalira: apa maginito okha sakwanira, ndibwerezanso m'munsimu. Pakufunika katswiri abwere ndi makina.

Ngati akudula pafupi kwambiri, masentimita 15 kuchokera pabokosi kapena pamawaya, monga bere lakumanzere, phewa, khosi, pachifuwa, pemphani kuti asinthe ndi makina chifukwa maginito adzakhala m'malo amene dokotala akugwirapo ntchito.

Tsiku la opareshoni, m'thiyeta

5. Nenani mokweza pa time out, pamene onse amaima kaye asanayambe kudula.

Pa checklist ya WHO ija musangowerenga mothamanga. Nenani kuti "wodwala uyu ali ndi ICD, ili kumanzere, maginito ali apa, amene awayang'anire ndi uje." Munthu mmodzi, wotchulidwa dzina. Ntchito ya aliyense imakhala ya palibe.

6. Pemphani bipolar poyamba.

Mu bipolar magetsi amangodutsa pakati pa nsonga ziwiri za fosepu, sayenda m'thupi lonse, pleti siifunika n'komwe. Ngati opareshoni itheka ndi bipolar, mpeni ndi ulusi womangira mitsempha, mwathana nalo vuto lalikulu. Kumene kuli mpeni wa ultrasonic, monga Harmonic, nawonso ndi wabwino chifukwa umadula ndi kunjenjemera, osati magetsi odutsa m'thupi. Ka cautery ka batire kokhala ndi kawaya kotentha kumapeto, kamene amagwiritsa a khungu ndi a maso, nakonso kalibe vuto. Koma hyfrecator ija ya m'makiliniki yowotchera njerewere ndi magetsi enieni olowa m'thupi ngakhale ilibe pleti, musaione kuchepa. Dayathemi ya mpweya wa argon nayonso ndi monopolar.

Madokotala ena amadandaula kuti bipolar imachedwetsa. Zoona imachedwetsa. Ine ndimangoiika patebulo yolumikiza kale, ikakhala m'manja amaigwiritsa, ikakhala m'kabati ndiye amaitanitsa pensulo.

7. Matani pleti moganizira njira ya magetsi.

Ili ndi gawo limene ife manesi tili nalo m'manja mwathu, ndipo ndi limene timalakwitsa chifukwa cha chizolowezi, dzanja limangopita pantchafu yakumanzere osaganiza. Imani kaye. Lozani ndi chala pamene adule, lozani pamene mukufuna kumata pleti, jambulani mzere m'maganizo pakati pa malo awiriwo. Mzere umenewo usadutse pamtima, pabokosi kapena pamawaya, ndipo utalikirane nazo masentimita osachepera 15.

Ndulu kapena m'mimba chakumtunda: pleti pantchafu kapena pathako lakumanja, magetsi azitsika kuthawa chifuwa. Dzanja: pleti pamkono womwewo, kuti magetsi asalowe m'chifuwa n'komwe. Mutu kapena khosi: kuseri kwa phewa la mbali imene kulibe bokosi. Apa ndi pamene ambiri amagwa, opareshoni ya chithokomiro pleti ili pantchafu, ndiye kuti magetsi onse akuyenda kuchoka pakhosi kudutsa pamtima penipeni kuti akafike kumwendo.

Malo ake akhale a mnofu, ouma, ometa ngati pali cheya, osati pafupa, pachipsera kapena pamwamba pa chiuno chachitsulo. Pleti imatirire yonse, kona ikatukuka sinthani, musaikonze ndi pulasitala. Chingwe cha pensulo ndi cha pleti zisagone pachifuwa.

Chenjezo: matiresi aja ogonekapo wodwala amene amagwira ntchito ngati pleti yaikulu si abwino kwa odwala awa, chifukwa simungasankhe njira ya magetsi, amatulukira paliponse pamene thupi lagunda, msana wonse. Gwiritsani pleti yomata.

8. Konzani monita kuti muziona magazi akuyenda, osati magetsi okha.

Pensulo ikangolira ECG imasanduka zikwangwani zosawerengeka, ndiye nthawi yeniyeni imene mukufuna kudziwa ngati mtima ukugunda ndi imene ECG imakusiyani. Maso akhale pa mafunde a pulse oximeter, kapena arterial line (kapaipi koyezera BP m'kati mwa mtsempha) ngati ilipo. Kwezani voliyumu ya oximeter kuti aliyense azimva kulira kwake. Pa monita yatsani poonetsa timizere ta pacemaker. Nambala ya kugunda kwa mtima itengedwe ku oximeter, chifukwa kuchokera ku ECG monita imatha kuwerenga kamzere ka pacemaker ngati kugunda, n'kumakuonetsani 60 pamene mtima sukutulutsa magazi.

Ndipo chala chanu pamtsempha wa padzanja sichifuna magetsi. Ine ndikayamba kukayikira ndimagwira basi.

9. Matani mapadi a defibrillator musanazimitse ICD.

Dongosolo lake ndi limeneli, mapadi kaye, kuzimitsa pambuyo. Munthu anapatsidwa ICD chifukwa mtima wake ukhoza kupenga nthawi ina iliyonse, ndiye mukaiyimitsa ndinu amene mwatenga ntchito yake. Padi imodzi kutsogolo kwa chifuwa chakumanzere, ina kumsana, ndipo isakhale pamwamba pa bokosi, italikirepo masentimita 8 kapena kuposa. Lumikizani ku makina, makina akhale oyaka. Kufunafuna pomata mapadi munthu atafunditsidwa kale nsalu zobiriwira ndi chinthu chimene simukufuna kuchiona.

10. Maginito: yesani kaye wodwala asanadulidwe.

Pa pacemaker, maginito amaichititsa kuti isiye kumvetsera n'kumagunda pa liwiro limodzi. Liwirolo limasiyana ndi kampani: Medtronic 85 pa mphindi, Boston Scientific 100, Abbott pafupifupi 100, Biotronik 90, MicroPort 96. Ikani maginito pamwamba penipeni pa bokosi mukuyang'ana monita. Mukaona nambala yasintha kufika pamenepo n'kukhazikika, akugwira. Mukaona yatsika kuposa pamenepo, mwachitsanzo Medtronic ikupereka 65, batire latsala pang'ono, auzeni madokotala musanapitirire. Biotronik ili ndi khalidwe lake, kutengera mmene anaikonzera imatha kugunda ka 10 kokha pa 90 kenako n'kubwerera mwakale maginito adakali pompo, ndiye musangoona masekondi oyamba n'kutembenuka, dikirani kwa mphindi yathunthu.

Pa ICD, maginito amangoyimitsa shoko basi. Saichititsa kuti isiye kumvetsera. Ndiye nthawi zambiri pa monita simudzaona chilichonse chosintha, ndipo ngati wodwalayo amadalira mbali ya pacemaker ya ICD yakeyo, dayathemi ikhozabe kuimitsa mtima wake maginito ali pachifuwa. Ichi ndiye chimene ndimafuna nesi aliyense wa ku thiyeta achidziwe ngati dzina lake. Za Medtronic zimalira kamphindi mukaika maginito, za Boston Scientific zimalira bii bii bii, ikani khutu kapena stethoscope pafupi. Za Abbott ndi Biotronik nthawi zambiri zimangokhala chete, ndiye kusamva phokoso sikukuuzani kanthu.

Micra simva maginito ngakhale pang'ono. Komanso pa zipangizo zina katswiri amatha kuzimitsa mbali yomvera maginito, n'chifukwa chake tikuti yesani.

Akagwira, amateni ndi pulasitala mwamphamvu, mopingasa. Kwa munthu wonenepa bokosi limakhala pansi kwambiri ndipo maginito amatha kusafika. Wodwala akagona chammbali kapena chafufumimba amaseseleka mosavuta ndipo simungawaone, pamenepo ndi bwino kusintha ndi makina.

Chenjezo: musaike maginito pa pacemaker ya munthu aliyense mwachizolowezi. Ngati mtima wake ukugunda wokha mothamanga, pacemaker yosamvetsera ija imayamba kupikisana nawo, ndipo kugunda kumodzi kukagwera pa nthawi yolakwika kukhoza kuyambitsa VT kapena VF, kupenga koopsa kwa mtima. Kwa wosadalira, maginito akhale m'manja, osati pachifuwa.

11. Pa nthawi yodula.

Mphamvu ya makina ikhale yotsika, yongokwanira kugwira ntchito. Kuwotcha kulikonse kusapitirire masekondi 5, kenako kupuma pang'ono kuti muone mafunde a oximeter abwerera. Pa makinawo, cut (yodula) imasokoneza pang'ono poyerekeza ndi coag (yowotcha), ndipo spray ndiye yoipitsitsa chifukwa voteji yake ndi yokwera. Dokotala asaponde pedulo pensulo ili m'mwamba isanakhudze mnofu. Pensulo ikakhala kuti sikugwira ntchito ibwerere m'chikwama chake, isagone pansalu pamwamba pa chifuwa.

Wina aziwerenga. Sizochititsa manyazi kunena kuti "Dokotala, masekondi asanu akwana." Ambiri akalowa m'ntchito saona nthawi, maso awo ali pamtsempha umene ukutuluka magazi, ndipo amathokoza pambuyo pake ngakhale pa nthawiyo akhoza kukuyang'anani moipa.

A dokotala ogonetsa amadziwa kale, komabe kukumbutsana sikulakwa: kunjenjemera kwa minofu kobwera ndi mankhwala ofewetsa minofu a suxamethonium, ngakhale kunjenjemera kwa kuzizidwa, kumathanso kunamiza kachipangizo. Mufunditseni wodwala, m'miyezi ya June ndi July mathiyeta athu amazizira koopsa m'mawa.

12. Zikavuta.

Mafunde a oximeter akasowa kapena mtima ukatsika: fuulani kuti dayathemi iime. Nthawi zambiri pacemaker imayambiranso pompo. Ikapanda kutero, maginito pabokosi ngati ndi pacemaker, kenako kugunditsa mtima ndi defibrillator kudzera m'mapadi aja, adrenaline, ndipo ngati palibe kugunda yambani CPR (kupsinja pachifuwa ndi kumuthandiza kupuma) osadikira. Atropine perekani, koma pa complete heart block musayembekezere zambiri kwa iye.

Mukaona VT kapena VF pa wodwala wa ICD amene ali ndi maginito: dayathemi iime, chotsani maginito, ICD imadzuka n'kuyamba kuwerenga ndipo imenya yokha pakapita masekondi ochepa. Uku mukutchaja defibrillator yanu, ikachedwa menyani inu. Ngati ICD inazimitsidwa ndi makina, palibe chodikira, menyani nthawi yomweyo ndi mphamvu yomwe mumagwiritsa kwa wina aliyense.

Wodwala akadumpha patebulo mwadzidzidzi dayathemi ikulira, ICD yamenya. Imitsani, onani ngati mtima uli bwino, onani ngati maginito asuntha, lembani nthawi.

Ikakhala yamwadzidzidzi usiku, khadi palibe

Izi ndi zimene zimachitika kwenikweni, munthu wabwera 2 koloko usiku matumbo atapotana, katswiri foni sakuyankha. Musataye mtima. Eksireyi ya pachifuwa ikuuzani ngati ndi ICD. ECG ikuuzani ngati akudalira. Matani mapadi, yesani maginito pa monita: nambala ikasintha kufika 85, 90, 96 kapena 100 nthawi zambiri ndi pacemaker, ikapanda kusintha muganize kuti ndi ICD. Bipolar patsogolo, pleti kutali ndi chifuwa, kuwotcha kwakufupikufupi. Ndipo kachipangizoko kayesedwe wodwala asanatuluke m'chipatala.

Opareshoni ikatha

13. Bwezerani zonse mmene zinalili.

Chotsani maginito mukadali m'thiyeta, monita ili yolumikiza, muone kuti kagundidwe kabwerera ngati ka poyamba. Maginito apite kutali, osati pa pilo kapena m'thumba la gauni.

Ngati anasintha ndi makina, wodwalayo sachoka pa monita ndipo defibrillator sichoka pambali pake mpaka katswiri atabwera kudzayatsanso. Lembani ndi zilembo zazikulu pa faelo ndi pa pulasitala pachifuwa kuti ICD NDI YOZIMITSA, ndi nthawi yake. Pomupereka kwa a ku recovery kapena ku wodi nenani ndi pakamwa, "Sisitala, bambo awa ICD yawo sinayatsidwe, asapite ku wodi." Musadalire kuti awerenga.

Kayesedwe asanapite kunyumba ngati kanasinthidwa ndi makina, ngati panali shoko kapena CPR, ngati opareshoni inali ya pachifuwa kapena yaikulu yotaya magazi ambiri, kapena inali yamwadzidzidzi pamwamba pa mchombo. Ena onse amene munagwiritsa monopolar akaonedwe pasanathe mwezi. Auzeni wodwala ndi abale m'mawu omveka: chizungulire, kukomoka, mtima kuthamanga, ntchirichiri yosatha kapena kumva ngati wamenyedwa pachifuwa, abwerere msanga, asadikire tsiku la cheki.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Kutcha chilichonse kuti pacemaker. Pa fomu palembedwa pacemaker, pa listi pacemaker, m'chifuwa muli ICD. Agogo a ku Mbare aja tikanangokhulupirira mawu oti kabatire tikanawachitira zosayenera.

Kukhulupirira kuti maginito ateteza wodwala wa ICD amene amadalira kugunditsidwa. Sateteza.

Kuika maginito osayang'ana monita, kenako kufunditsa nsalu, ndiye patapita ola mukuwapeza ali m'khwapa.

Kumata pleti pantchafu pa opareshoni ya khosi kapena ya dzanja chifukwa ndi mmene timachitira masiku onse.

Kukweza mphamvu ya dayathemi dokotala akati sikugwira. Kawirikawiri vuto limakhala pleti yatukuka, chingwe chamasuka kapena nsonga ya pensulo yadzaza makala. Onani zimenezo kaye musanakhudze batani.

Kuzimitsa phokoso la oximeter chifukwa likusokosa, kapena kusiya kachipangizo kake pa dzanja lomwe pali kafu ya BP, ndiye kafu ikafufuma mafunde amasowa ndipo aliyense amazolowera kuona mzere wowongoka osadzidzimuka.

Kuiwala kuti kunja kwa thiyeta nakonso kuli dayathemi. Ku endoscopy podula tizotupa ta m'matumbo, ku kiliniki ya amayi powotcha khomo la chiberekero ndi LEEP, kwa a mano, kwa a khungu, konseko muli monopolar ndipo nthawi zambiri kulibe maginito kapena defibrillator pafupi, ndipo palibe amene amavula wodwala malaya kuti aone pachifuwa.

Maginito osadziwika kumene amakhala. Kwathu tinawapeza tsiku lina atamatirira kuseri kwa trolley yachitsulo, titawafuna kwa theka la ola wodwala akudikira pakhomo. Pano amakhala pambali pa makina ogonetsera, m'kabokosi kolembedwa, ndipo amawerengedwa m'mawa uliwonse limodzi ndi laryngoscope.

Ndipo choopsa kuposa zonse, kutulutsa munthu ICD yake ili yozimitsa. Katswiri anabwera m'mawa kudzazimitsa, masana anaitanidwa kwina, shifiti yasintha, a usiku sakudziwa, m'mawa mwake wodwala akuoneka bwino ndipo walembedwa kuti apite kunyumba. Musanasaine pepala lomutulutsa, funsani kuti anayatsa ndani, nthawi yanji, ndipo muone pamene analemba ndi maso anu.